SERGEI RACHMANINOFF: MUNTHU AMENE NYIMBO ZINAMUTHAWA ZAKA ZITATU

M'kwaya iliyonse, m'bandi iliyonse, ngakhale m'gulu lililonse la beni kuno kunyanja, mumakhala munthu mmodzi kapena awiri amene anzawo amawadalira kuti apeke nyimbo zatsopano. Ife oimba timangolandira nyimboyo yapsa kale, ndipo sitidziwa kuti nthawi zina wopekayo amakhala pansi ndi pensulo kapena gitala, sabata n'kutha, mwezi n'kutha, osatulukamo chuni ngakhale chimodzi. Vuto limeneli silisankha munthu. Linagwera ngakhale mmodzi wa akatswiri otchuka pa dziko lonse, Sergei Rachmaninoff wa ku Russia, amene anakhala zaka zitatu wosapeka nyimbo yaikulu iliyonse ali mnyamata wamphamvu zake. Mbiri yake ndi yoyenera kuidziwa, makamaka umo anatulukira m'dzenje limenelo.

Ubwana wake

Rachmaninoff anabadwa pa 1 Epulo 1873 m'chigawo cha Novgorod. Banja lao linali la eni minda ikuluikulu, pakuti amake, a Lyubov, anabwera ku ukwati ndi minda isanu. Koma atate wake, a Vasily, anali munthu wokonda zosangalatsa ndi wosadziwa kusunga chuma, kotero minda ija inagulitsidwa umodziumodzi kufikira wotsiriza unapita m'chaka cha 1882. Banja linasamukira ku St Petersburg kukakhala m'kanyumba kopanikiza. Chaka chotsatira mlongo wake Sofia anamwalira ndi nthenda yapakhosi, ndipo posakhalitsa atate aja anachoka pakhomo. Amene anamusamala mwanayu masiku amenewo ndi agogo ake aakazi. Iwo ankamutenga kutchalitchi, kumene iye ankaima nthawi yaitali kumvetsera kwaya ndi kulira kwa mabelu akuluakulu a dzikolo. Zimene anamva kumeneko zinakhala m'makutu mwake moyo wake wonse.

Piyano anayamba kuiphunzira kwa amake ali ndi zaka 4, ndipo m'chaka cha 1883 analowa sukulu yaikulu ya zoimbaimba ya mu St Petersburg. Koma musayese kuti anali mwana wakhama. Ankathawa maphunziro kukasewera ndi anzake, ndipo pofika nalo kunyumba lipoti la kusukulu ankayamba wasintha mamalikisi ake. M'chaka cha 1885 analephera mayeso, chinsinsi nichiululika. Msuweni wake Alexander Siloti, amene anali kale katswiri wa piyano, analangiza kuti mnyamatayo atumizidwe ku Moscow kwa mphunzitsi waukali dzina lake Nikolai Zverev.

Ife okhala kugonera komweko tingamvetse bwino moyo umene anakaupeza. Anyamata ankagona m'nyumba ya mphunzitsi waoyo, ndipo piyano inkayamba kulira 6 koloko m'mawa, yense ndi nthawi yake, popanda kudandaula za tulo kapena chisanu. Zverev sankawalipiritsa anyamata ogona kwake; ankawadyetsa, kuwaveka ndi kuwatengera kukamva oimba otchuka, ndipo Lamlungu kunyumba kwake kunkafika alendo omveka, mmodzi wa iwo Pyotr Tchaikovsky. Pamenepo mwana waulesi uja anasanduka wantchito. Komabe m'chaka cha 1889 awiriwa anayambana, chifukwa Rachmaninoff anapempha chipinda chakechake choti azipekeramo nyimbo kopanda phokoso la anzake. Zverev anapsa mtima, ndipo mnyamatayo anakakhala kwa azakhali ake a banja la Satin.

M'chaka cha 1892, ali ndi zaka 19, anamaliza maphunziro ake pa sukulu ya zoimbaimba ya mu Moscow. Pa mayeso otsiriza anapatsidwa ntchito yopeka sewero loimba lotchedwa Aleko, ndipo iye analimaliza m'masiku 17 okha. Analandira mendulo yaikulu yagolide imene anthu awiri okha anali atailandirapo kale. Zverev anaiwala mkangano uja, namupatsa wotchi yake yagolide. Chaka chomwecho anapeka kanyimbo ka piyano kotchedwa Prelude in C-sharp minor kamene kanamveka kufikira maiko akutali. Tchaikovsky mwini wake ankamuyamika poyera. Kwa mnyamata ameneyu nyimbo zinkabwera ngati usipa pa nyali usiku wamdima, ndipo sanaganizepo kuti tsiku lina zingaleke.

Usiku wa manyazi

M'chaka cha 1895 anagwira ntchito yaikulu koposa zonse zimene anachitapo, ndiyo symphony yake yoyamba. Symphony ndi nyimbo yaitali yopanda mawu, kawirikawiri ya zigawo zinayi, yoimbidwa ndi gulu lalikulu la anthu okhala ndi mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma. Wopeka ayenera kulembera chipangizo chilichonse mbali yake, monga mphunzitsi wa kwaya alembera sopulano, alito, tenala ndi besi, koma kumeneko mbalizo ndi zambiri ndithu. Rachmaninoff anatha miyezi yambiri pa ntchitoyi, naikapo mtima wake wonse.

Nyimboyo inaimbidwa koyamba mu St Petersburg mwezi wa Malichi 1897, ndipo zonse zinalakwika. Oimba sanaikonzekere mokwanira, pakuti tsikulo panalinso nyimbo zina zatsopano zofuna nthawi. Wotsogolera oimba, Alexander Glazunov, sanaimvetse nyimboyo, ndipo ena amene analipo ananena pambuyo pake kuti anali atamwa. Chimene chinatuluka chinali chisokonezo chokhachokha. Mwini nyimbo sanathe kukhala m'holo; anakabisala pamakwerero, natseka makutu ndi zala zake. Ndipo ngati kuti zimenezo zinali zochepa, César Cui, wopeka nyimbo wachikulire amene ankalembanso m'nyuzipepala, anaifanizira nyimboyo ndi miliri ya ku Aigupto, nanena kuti oyenera kukondwera nayo ndi okhala ku Gehena. Rachmaninoff anali asanakwanitse zaka 24. Anaika mapepala a nyimboyo m'kabati, ndipo sinaimbidwenso iye ali moyo.

Zaka zitatu za chilala

Kuyambira pamenepo mtima wake unasweka. Anayesa kuyamba symphony ina, koma analemba pang'ono nasiya. Akakhala pa piyano, chuni chilichonse chimene chinkabwera ankachiona chachabe chisanathe n'komwe, chifukwa asanalembe kanthu ankamva kale m'mutu mwake kuseka kwa anthu a ku St Petersburg. Apa ndi pamene pagona gwero la vutoli. Nzeru zake sizinathe, ndi zala zake sizinafooke. Chimene chinalowa ndi mantha, ndipo munthu wamantha amaweruza nyimbo yake isanabadwe. Tulo tinamusowa, chakudya sichinkamukoma, ndipo nthawi zambiri ankangogona pampando tsiku lonse.

Komatu sanazisiye konse zoimbaimba, ndipo ichi n'chimene chinamusunga. Tonse taona zimene asodzi a ku Makanjira kapena ku Malembo amachita mwera ukavuta m'miyezi yozizira: amakokera mabwato kumtunda, nakhala pamthunzi kusoka maukonde, kuti tsiku la bata liwapeze okonzeka. Rachmaninoff anachita chimodzimodzi. Posowa ndalama, kumapeto kwa 1897 analandira ntchito yothandiza kutsogolera oimba m'gulu la masewero oimba la munthu wachuma dzina lake Savva Mamontov ku Moscow. Kumeneko anaphunzira ndi manja ake omwe umo gulu lalikulu la zipangizo limayendetsedwera, ndi umo nyimbo yabwino imaonongekera ikagwa m'manja osakonzeka. Anapezakonso bwenzi la moyo wake wonse, woimba besi wotchuka Feodor Chaliapin.

Mwezi wa Epulo 1899 anaitanidwa ku London, kumene anaimba piyano natsogolera nyimbo zake zakale. Anthu a kumeneko anakondwera naye, ndipo iye anawalonjeza kuti adzabweranso ndi nyimbo yatsopano ya piyano. Koma atabwerera kwao, lonjezolo linasanduka katundu pamutu, pakuti miyezi inapita pepala lili mbuu. Mwezi wa Januwale 1900 anapita ndi Chaliapin kwa mlembi wamkulu Leo Tolstoy, anthu akuyembekeza kuti mawu a nkhalamba yanzeruyo amulimbitsa mtima. M'malo mwake Tolstoy anamufunsa ngati nyimbo zotero zili ndi ntchito kwa munthu aliyense. Mnyamatayo anabwerako wosweka koposa kale.

Dotolo Dahl

Mutu umodzi susenza denga. A banja la Satin ataona kuti mwana wao akutha, anamuumiriza kuti akaonane ndi dotolo wina wa mu Moscow dzina lake Nikolai Dahl, amene ankathandiza anthu ovutika maganizo, ndiponso iye mwini ankakonda kuimba ndi zipangizo pa nthawi yake yopuma. Zikanakhala kwathu kuno, kapena ena akanati mnyamatayo amulodza anzake ansanje. Dahl anaona kuti imeneyi ndi nthenda monga nthenda zina, yokhala ndi chiyambi chake ndi mankhwala ake.

Kuyambira Januwale kufikira Epulo 1900 Rachmaninoff ankapita kwa dotoloyo tsiku ndi tsiku. Dahl sanayambire pa nyimbo ayi. Anayamba wakonza tulo ndi chilakolako cha chakudya, podziwa kuti thupi lotopa silingapeke kanthu. Ankacheza naye nthawi yaitali za nyimbo monga anthu awiri okonda chinthu chimodzi. Ankagwiritsanso njira yotchedwa hypnosis, imene si matsenga konse: wodwala amakhala pampando wofewa atatsinzina, ali pakati pa tulo ndi maso, dotolo namalankhula naye motsitsa. Tsiku lililonse ankamubwerezera mfundo zomwezomwezo, zakuti adzayamba kulemba nyimbo imene analonjeza, kuti ntchitoyo idzamupepukira, ndi kuti nyimboyo idzakhala yabwino. Munthu amene kwa zaka zitatu anangomva liwu lomunyoza m'mutu mwake anayamba kumvanso liwu lina.

Nyengo yotentha ya chaka chimenecho anapita kukapuma ku Crimea, ndipo pambuyo pake ku Italy pamodzi ndi Chaliapin. Kumeneko machuni anayamba kubwera, poyamba mwapang'onopang'ono, kenaka ambiri.

Nyimbo imene analemba ndi concerto yake yachiwiri. Concerto ndi nyimbo imene chipangizo chimodzi, pano piyano, chimayankhana ndi gulu lonse, monga wotsogola ndi ovomera pa gule. Ili ndi zigawo zitatu, ndipo tiyenera kupenyetsetsa umo anaigwirira. Sanayambire pa chigawo choyamba, chimene chimaopsa wopeka aliyense popeza ndicho anthu amayamba kumva. Anayamba ndi chachiwiri ndi chachitatu, nasiya choyamba kuti achione pambuyo. Ndiponso sanachite manyazi kufukula zakale: poyambira chigawo chachiwiri anatengako kachidutswa ka kanyimbo kamene anapekera atsikana atatu apachibale a banja la Skalon m'chaka cha 1891, nakakulitsa. Zigawo ziwirizo anaziimba pamaso pa anthu mu Moscow mwezi wa Disembala 1900, msuweni wake Siloti akutsogolera gulu. Anthu anaomba m'manja, ndipo mphamvu imene anapeza pamenepo ndiyo inamulembetsa chigawo choyamba. Chigawocho chimayamba ndi piyano yokha ikugunda pang'onopang'ono, kugunda kulikonse kokulirapo, ngati mabelu aja ankawamva ndi agogo ake.

Tisaganize kuti mantha anatheratu. Kutatsala masiku owerengeka kuti nyimbo yonse iimbidwe, bwenzi lake Nikita Morozov anamuonetsa malo ena m'chigawo choyamba amene iye anawayesa olakwika, ndipo Rachmaninoff anataya mtima nayesa kuti chigawo chonse chaonongeka. Koma ulendo uno sanabisale pamakwerero. Mwezi wa Novembala 1901 anakhala pa piyano iye mwini naimba concerto yonse, ndipo inalandiridwa ndi chimwemwe chachikulu. Pamwamba pa nyimboyo analembapo dzina la Dotolo Dahl, kuti dziko lonse lidziwe amene anamuthandiza.

Zaka za zokolola

Chitsime chitatseguka, madzi sanaleke. M'chaka cha 1902 anakwatira Natalia Satina, ndipo anabereka ana aakazi awiri, Irina ndi Tatiana. Kuyambira 1904 kufikira 1906 anatsogolera oimba pa nyumba yotchuka ya Bolshoi. Kenaka anasamukira ku Dresden m'dziko la Germany kufuna malo abata, ndipo kumeneko analimba mtima kubwerera ku chinthu chomwe chinamugwetsa: analemba symphony yachiwiri. Inaimbidwa m'chaka cha 1908 mu St Petersburg momwemo, koma tsopano anaitsogolera yekha, ndipo inapambana. Concerto yachitatu anakaiimba koyamba ku New York m'chaka cha 1909. Ntchito zambiri ankazilembera kumudzi wa Ivanovka, pamunda wa banja la mkazi wake, kumene ankakhala nyengo yotentha pakati pa minda ndi akavalo.

A m'kwaya yathu akondwera kumva kuti m'chaka cha 1915 anapeka nyimbo 15 za mapemphero a usiku, zotchedwa All-Night Vigil, zoimba ndi pakamwa pokha, popeza mpingo wa Orthodox sulola zipangizo m'tchalitchi. Anazimaliza masabata awiri asanathe. Zambiri mwa izo anazimanga pa machuni akalekale a mpingowo, amene anawamva ali mwana.

Chilala chachiwiri

M'chaka cha 1917 mu Russia munabuka chipolowe chachikulu chimene chinagwetsa mfumu nichilowetsa boma la Chikomyunizimu. Munda wa Ivanovka unalandidwa. Mwezi wa Disembala Rachmaninoff anatuluka m'dzikomo ndi mkazi wake ndi ana, atanyamula timasutikesi tochepa, ndipo sanabwererenso. Anafika ku America mwezi wa Novembala 1918. Kuti adyetse banja anasanduka woimba piyano woyendayenda, lero mzinda uno mawa mzinda wina, ndipo anatchuka napeza chuma. Koma nyimbo zatsopano zinamuthawanso. Kufikira 1926 sanamalize nyimbo yakeyake ngakhale imodzi, ndipo pa zaka 25 zimene anakhala kunja anapeka zazikulu zisanu ndi imodzi zokha. Ulendo uno chifukwa chake sichinali kunyozedwa, koma kutopa ndi maulendo ndi kupukwa kwao.

Mankhwala ake anawapeza m'mbali mwa nyanja. M'chaka cha 1930 anagula malo ku Hertenstein, pa nyanja ya Lucerne m'dziko la Switzerland, nyanja yaing'ono ngakhale poyerekeza ndi Malombe wathuyu. Anamangapo nyumba naitcha Senar, kulumikiza malembo oyamba a dzina lake, la mkazi wake ndi la banja lao. Anabzalapo mitengo ndi maluwa kuti pafanane ndi Ivanovka, nagula boti la injini limene ankalikonda kwambiri. Atapeza bata limenelo, m'chaka cha 1934 analemba Rhapsody on a Theme of Paganini m'masabata osakwana asanu ndi awiri.

M'nyimbo imeneyi muli phunziro kwa yense wosowa chuni. Rachmaninoff sanadikire kuti chatsopano chigwe kuchokera kumwamba. Anatenga kachuni kakale kothamanga ka Niccolò Paganini, katswiri wa vayolini wa ku Italy, nakasinthasintha m'njira 24. Pa njira ya 18 anakatembenuza chadodolido: pamene chuni cha Paganini chikwera, chake chimatsika, ndipo pamene chitsika, chake chimakwera, ndi muyeso womwewo. Atatero anachichedwetsa, nachichotsa m'maimbidwe achisoni kuchiika m'maimbidwe owala. Chotulukapo ndi chimodzi cha machuni okoma koposa amene iye analembapo, ndipo womva sangaganize kuti chinabadwa pa kutembenuza manotsi papepala. Amene mumadziwa solofa mungayese nokha njira imeneyi pa nyimbo iliyonse imene mumaidziwa.

Symphony yachitatu anaimaliza ku Senar komweko m'chaka cha 1936. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pafupi kuyamba m'chaka cha 1939 anabwerera ku America, ndipo m'chaka cha 1940 analemba ntchito yake yotsiriza, Symphonic Dances. Kumapeto kwa chigawo choyamba anaikamo chuni cha symphony yoyamba ija, imene inamuchititsa manyazi zaka 43 m'mbuyomo, koma tsopano chofatsa ndi chowala ngati nyanja m'mamawa. Pafupifupi panalibe womva amene akanachizindikira, pakuti nyimboyo inamveka kamodzi kokha. Anachiikamo chifukwa cha iye mwini.

Anaimba pamaso pa anthu kotsiriza pa 17 Febuluwale 1943 ku Knoxville, ali wodwala kale, ndipo anamwalira ndi khansa ku Beverly Hills pa 28 Malichi 1943, kutatsala masiku anayi kuti akwanitse zaka 70. Iye atapita, mapepala a oimba a symphony yoyamba anapezeka m'nyumba yosungiramo mabuku ku Leningrad, dzina la St Petersburg pa nthawiyo. Akatswiri anailumikizanso, ndipo mwezi wa Okutobala 1945 inaimbidwa bwino mu Moscow. Anthu anadabwa kupeza kuti inali nyimbo yamphamvu ndithu. Cholakwa sichinali m'nyimbo, koma m'kaimbidwe ka usiku umodzi uja.

Ambiri a ife tamvapo chuni cha Rachmaninoff mosadziwa. Nyimbo yotchedwa All by Myself, imene Eric Carmen anatulutsa m'chaka cha 1975 ndipo Celine Dion anaiimbanso m'chaka cha 1996, inatenga chuni chake ku chigawo chachiwiri cha concerto ija, chigawo chimene munthu wodwala anayambira pochira.

Tsono inu anzanga amene mumatipekera nyimbo za kwaya ndi za masewero, mukaona kuti zakuthawani musafulumire kunena kuti mphatso yatha. Gonani mokwanira, uzani mnzanu kapena mphunzitsi chimene chikukusautsani, gwirani ntchito ina ya zoimba pamene mukudikira, yambirani pa chigawo chimene chikutheka, ndipo makope anu akale musawataye. Koma pali mawu enanso kwa tonsefe amene sitipeka. Mnzathu akabwera ndi nyimbo yatsopano pa nthawi yokonzekera, ife n'kuiimba mwaulesi kenaka n'kumuseka, tikumbukire kuti oimba osakonzeka ndi cholembera cha munthu mmodzi zinatsekera Rachmaninoff pakamwa zaka zitatu, ndipo pasukulu pano palibe Dotolo Dahl. Tiyambe taiphunzira bwino nyimboyo, ndipo tidzaiweruze titaiimba monga mwini wake anafunira.